Zilembo Zosokonezedwa za Galileo ndi Anthu Amene Anayesa Kuziwerenga

M'mwezi wa Ogasiti caka ca 1610, kalata yocokera ku Italy inafika ku Prague, mudzi waukulu wa dziko la Bohemia. Woilemba anali Galileo Galilei, mphunzitsi wa masamu pa sukulu yaikulu ya ku Padua, ndipo woilandira anali Giuliano de' Medici, kazembe wa mfumu ya ku Tuscany pa bwalo la mfumu yaikulu Rudolf II. M'kalatamo Galileo ananena kuti waona cinthu catsopano kumwamba, koma m'malo mwa kucichula dzina analemba mzere uwu wa zilembo 37:

smaismrmilmepoetaleumibunenugttauiras

Mzerewo unaperekedwa kwa Johannes Kepler, katswiri wa masamu ndi nyenyezi wa mfumu Rudolf. Iye anazindikira msanga kuti Galileo anali atalemba ciganizo ca Cilatini, nasokoneza zilembo zace dala. Mbiri ya mzere umenewu, ndi ya mizere ina imene inautsata, iri ndi phunziro kwa yense amene nchito yace ndiyo kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kuweruza mayankho ao.

Masewera ace

Masewera a kusinthanitsa zilembo ndi akale ndithu, ndipo sasowa cipangizo cina koma coko ndi bolodi, kapena cala ndi mcenga. Munthu atenga liu, nasuntha zilembo zace osaonjezapo ndiponso osacotsapo, kufikira litatuluka liu lina. M'Cinyanja galu asanduka gula, tola asanduka lota, meta asanduka tema, ndipo mbala isanduka lamba. Azungu awacha masewerawa anagramu, liu locokera ku Cigiriki. Kumamveka kuti Lycophron, wopeka ndakatulo wa ku Alexandria zaka zoposa 250 asanabadwe Kristu, anakondweretsa mfumu Ptolemy posanduliza zilembo za dzina lace kuti zinene za uci. M'masiku a Galileo anthu ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti m'dzina la munthu mwabisika khalidwe lace ndi tsogolo lace. Ndipo Louis XIII, amene analowa ufumu wa France m'caka comweco ca 1610, anadzalemba nchito munthu wina, Thomas Billon, yongopeka ma-anagramu.

Mphamvu ya masewerawa iri m'ciwerengero. Zilembo 3 zosiyana ziyalidwa m'njira 6, zilembo 4 m'njira 24, zilembo 5 m'njira 120, koma zilembo 10 ziyalidwa m'njira 3,628,800. Pofika pa zilembo 37, ngakhale zina zibwerezedwa, njira zace ziculuka kotero kuti munthu sangathe kuziyesa zonse ngakhale atakhala ndi moyo zaka zikwizikwi. Cifukwa cace ciganizo cosokonezedwa cikhala ngati bokosi lotsekedwa limene mwini wace wapita nao mfungulo. Komanso m'mulu umodzi wa zilembo mutuluka mau oposa amodzi. Mphunzitsi akalemba pa bolodi a, b, e, l, m, mwana wina awerenga lemba, wina wanjala awerenga mbale yodyeramo, wina wopukwa kwao awerenga mbale wace. Onse atatu agwiritsa zilembo zonse bwino lomwe, koma cimene mphunzitsi anali naco mumtima ndi cimodzi cokha.

Cifukwa cace Galileo anabisa

Mu 1608 wopanga mandala wina wa ku Middelburg m'dziko la Holland, dzina lace Hans Lipperhey, anaonetsa akulu a dziko lace cipangizo conga nsungwi yobooka, cokhala ndi galasi kuno ndi uko, cimene cinasendeza pafupi zinthu za kutali. Ndico cimene cichedwa telesikopu. Galileo atamva mbiri yace anapanga yaceyace mu 1609, naikonza kufikira inakuza zinthu kangapo 20. Mu Januwale 1610 anaona miyezi inai yozungulira Jupiter, imodzi ya nyenyezi zoyenda zimene zichedwa mapulaneti. Mu Marichi anasindikiza kabuku ka zimene anaona, naicha miyeziyo dzina la banja la Medici, eni ufumu wa Tuscany. Mphatsoyo inabala zipatso: mfumu Cosimo II inampatsa malo a katswiri wa masamu ku Florence, ndi malipiro a scudi 1,000 pa caka, osamkakamiza kuphunzitsa. Kwa munthu wa ana atatu, wosenzanso ngongole za maukwati a alongo ace, ici sicinali cacing'ono.

Koma malo otere anayenera kusungidwa ndi zinthu zatsopano, ndipo Galileo sanali yekha woyang'ana kumwamba. Ku England Thomas Harriot anali atajambula kale mwezi ndi telesikopu mu Julai 1609, ndipo ku Germany Simon Marius anadzanena pambuyo pace kuti iyenso anaona miyezi ya Jupiter. Panalinso ena okana zonse: mu Epulo 1610 ophunzira a ku Bologna anasuzumira m'telesikopu ya Galileo, nanena kuti sanaone kanthu kotsimikizika. Motero Galileo anali pakati pa zoopsa ziwiri. Akalengeza msanga cinthu cimene sanacipenyetsetse, adani adzamseka cikapezeka cabodza. Akakhala cete kufikira atatsimikiza, wina adzayamba kucilengeza natenga ulemu wace. Masiku amenewo kunalibe magazini a ophunzira, ndipo kalata inali kutha milungu panjira. Anagramu inampatsa njira ya pakati. Anthu odalirika analandira zilembo pa tsiku lodziwika, osadziwa tanthauzo lace. Tsono wina akadzabwera ndi nkhani yomweyo, Galileo akadayala zilembozo pamaso pa mboni, naonetsa kuti iye ndiye anayamba.

Kepler awerenga za Mars

Kepler anali munthu wacangu ndi wosadziwa kudikira. Mu Epulo caka comweco anali atalemba kalata yaitali yovomereza Galileo, asanagwireko telesikopu yabwino. M'kalatamo anaganiza motere: dziko lapansi liri ndi mwezi umodzi, Jupiter ali nayo inai, tsono Mars, amene ayenda pakati pa awiriwa, ayenera kukhala nayo iwiri, ndipo Saturn 6 kapena 8. Ndiponso Mars ndiye pulaneti imene Kepler anavutika nayo zaka zambiri, kufikira anaonetsa m'buku lace la 1609 kuti njira yace yozungulira dzuwa iri yobulungira ngati dzira, yosati yozungulira ngati mkombero.

Munthu wotere atakhala pansi ndi zilembo 37 zija, mtima wace unali kale pa Mars. Anazisuntha nazisunthanso kufikira anatulutsa ciganizo copereka moni kwa ana amapasa a Mars. Liu limodzi la m'ciganizoco linali lacilendo, losapezeka m'Cilatini cabwino, ndipo Kepler mwini anavomera kuti ciganizoco cinali cokhakhala. Koma zilembo zinakwana, ndipo iye anayesa kuti Galileo waona miyezi iwiri ya Mars.

Mfumu Rudolf nayonso inafuna kudziwa, ndipo mfumu ikafunsa munthu sacedwa kuyankha. Pa 13 Novembala 1610 Galileo anatumiza mfungulo. Ciganizo cace cinanena kuti iye waona pulaneti ya kutali koposa iri patatu. Imeneyo ndi Saturn, imene pa mapulaneti odziwika nthawi imeneyo inali yotsiriza. Kuyambira m'Julai Galileo anali kuiona ngati nyenyezi yaikulu yokhala ndi zazing'ono ziwiri zoigunda, ina kuno ina uko, ndipo anaifanizira ndi nkhalamba yoyenda mocirikizidwa ndi anyamata ace awiri. Za Mars munalibe m'ciganizomo ngakhale pang'ono.

Nthanda ndi mwezi

Pa 11 Disembala 1610 Galileo anatumizanso mwambi wina ku Prague. Ulendo uno zilembo 35 anaziyala kukhala ciganizo cowerengeka, conena kuti zinthuzi ziri zosapsa ndipo aziwerenga cabe nthawi isanakwane. Zilembo ziwiri, o ndi y, zinamtsalira, nangoziika kumapeto. Anali ndi cifukwa ca kufulumira, pakuti m'mwezi womwewo Benedetto Castelli, amene kale anali wophunzira wace, anamlembera kalata yofunsa za cinthu comweco cimene iye anali kucipenya.

Kepler anayesanso. Anatulutsa ziganizo zingapo, cimodzi ca izo conena kuti pa Jupiter pali banga lofiira lozungulira, ndipo pa 9 Januwale 1611 analembera Galileo kumdandaulira kuti asawazunzenso ndi cinsinsi. Sanadziwe kuti yankho linali litalembedwa kale pa 1 Januwale. Ilo linanena kuti mai wa cikondi atsanza maonekedwe a mwezi. Mai wa cikondi m'nthano za Aroma ndiye Venus, nyenyezi yowala imene ioneka kum'mawa mbanda kuca, yochedwa nthanda, ndipo nyengo zina ioneka kumadzulo dzuwa litalowa.

Nkhani iyi inali yolemera kuposa ya Saturn. Maphunziro akale a Agiriki anati dziko lapansi liri ciriri pakati, ndipo Venus ayenda nthawi zonse pakati pa dziko ndi dzuwa. Zikadakhala tero, Venus akadaoneka wowonda ngati nyanga masiku onse, popeza mbali yace yowalitsidwa ndi dzuwa ikadapenya kwina. Koma Galileo anamuona m'Okutobala ali wamng'ono ndi wobulungira, pambuyo pace ali theka, ndipo pakutha pa Disembala ali wamkulu ndi wanyanga. Ici cinatsimikiza kuti Venus alibe kuwala kwacekwace, ndi kuti azungulira dzuwa, monga analembera Nicolaus Copernicus mu 1543. Sicinatsimikize kuti dziko lapansi nalonso liyenda, koma cinagwetsa mzati waukulu wa maphunziro akale. Mkangano wa kuyenda kwa dziko ndiwo unadzafikitsa Galileo pa bwalo la milandu ku Rome mu 1633.

Huygens ndi mphete

Pa Venus Galileo analondola. Pa Saturn maso ace ananyengedwa. Pakutha pa 1612 anapenyanso Saturn, napeza kuti anyamata awiri aja asowa, nkhalamba yatsala yokha. Anazizwa kwambiri, nafunsa m'kalata ngati Saturn wadya ana ace monga zinenera nthano zakale. Mu 1616 anaionanso, tsopano iri ndi zogwirira ziwiri ngati za mphika wacitsulo. Anamwalira mu 1642 osadziwa cimene anaona.

Womasulira anali Christiaan Huygens wa ku Holland, wobadwa mu 1629. Iye ndi mbale wace Constantijn ananola okha magalasi, napanga telesikopu yokuza kangapo 50. Pa 25 Marichi 1655 Huygens anaona mwezi waukulu wa Saturn, umene lero uchedwa Titan, wozungulira m'masiku 16. Mu 1656 anasindikiza kapepala kolengeza mweziwo, ndipo kumapeto kwace anaikako zilembo 62 zondandalikidwa monga mwa alifabeti: a 7, c 5, d mmodzi, e 5, kufikira u 5. Anadikira zaka zitatu akupenyabe ndi kuwerengera, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mu 1659 anaulula tanthauzo lace: Saturn wazingidwa ndi mphete yopyapyala, yaphanthiphanthi, yosamkhudza paliponse, ndiponso yopendekeka.

Yankho limeneli linamasulira zonse zimene zinasautsa Galileo. Saturn atha zaka 29 ndi theka kuzungulira dzuwa, ndipo kawiri pa ulendo umenewo, ndiko kuti patapita zaka ngati 15, mphete ipenyetsa m'mphepete mwace ku dziko lapansi. Licero likaimikidwa camaso lioneka lonse, koma likaonedwa cam'mbali litsala kamzere cabe. Momwemonso mphete ya Saturn, popeza iri yopyapyala kwambiri, isowa m'telesikopu yaing'ono. Ndico cinacitika mu 1612, ndipo cinacitikanso mu Marichi 2025. Anyamata awiri a 1610 anali mbali ziwiri za mphete yomweyo, zooneka mwacimbuuzi m'galasi lofooka.

Kufooka kwa njirayi

Huygens yemweyo ndiye anaphunzira mowawa kuti anagramu siiri mboni yokhulupirika nthawi zonse. Mu 1655, asanalengeze za Titan, anatumiza anagramu ya mweziwo kwa ophunzira anzace, mmodzi wa iwo John Wallis, mphunzitsi wa masamu ku Oxford, amene anali katswiri pomasula makalata acinsinsi. Wallis anayankha ndi mzere wacewace wa zilembo zambiri, nati Angerezi naonso ali ndi cinsinsi cao. Huygens ataulula za Titan, Wallis anayala zilembo zace zija kuti zinene za mwezi womwewo, ngati kuti Angerezi ndiwo anayamba kuuona. Huygens anakhulupirira, namva cisoni. Patapita zaka zingapo Wallis anavomera kuti zinali zoseka: zilembo zikaculuka, munthu wocenjera akhoza kutulutsamo ciri conse cimene wamva kwa mnzace.

Ngakhale zinatero, mwambowu sunathe msanga. Robert Hooke wa ku London, amene anakangana ndi Huygens za sipuling'i ya m'wochi, anasindikiza mu 1676 zilembo 14 izi: ceiiinosssttuv. Mu 1678 anazimasulira kuti kutamuka kwa sipuling'i kulingana ndi mphamvu imene iikoka, ndilo lamulo limene liyendetsa masikelo opacika oyesera mtedza ndi thonje pamsika.

Isaac Newton nayenso, m'kalata ya Okutobala 1676 yopita kwa Gottfried Leibniz wa ku Germany, anabisa maziko a masamu ace atsopano, oyesera zinthu zosintha kosalekeza monga liwiro, amene lero achedwa kalikulasi. Iye anangowerenga zilembo: a 6, e 13, i 7, n 9, ndi zina zotero. Leibniz sakadaphunziramo kanthu. Anali atapeza kale njira yace payekha, ndipo anaisindikiza mu 1684, Newton asanasindikize yace. Mlandu suola: patapita zaka otsata Newton ananeneza Leibniz kuti anaba, ndipo mu 1712 bungwe la Royal Society, limene Newton mwini anali mtsogoleri wace, linagamula mokomera Newton. Leibniz anamwalira mu 1716 mlandu usanazizire. Lero ophunzira avomerezana kuti yense wa awiriwa anapeza masamuwo payekha. Cinsinsi cimene cinaikidwa kuti ciletse mkangano sicinauletse.

Cimene cinathetsa mwambowu ndi magazini a ophunzira. Mu Januwale 1665 inayamba Journal des Sçavans ku Paris, ndipo mu Marichi caka comweco Henry Oldenburg anayambitsa Philosophical Transactions ku London. Pang'onopang'ono kunakhazikika lamulo lakuti ulemu upita kwa iye amene ayamba kusindikiza poyera, pa tsiku lolembedwa, m'mau amene ena akhoza kuwerenga, kuyesa ndi kutsutsa. Kuyambira pamenepo anagramu inabwerera kumene inacokera, ku masewera a panyumba ndi a kusukulu.

Kepler analondola kodi?

Mu Ogasiti 1877, patapita zaka 267 cilembere Galileo kalata ija, Asaph Hall wa ku Washington anapenya Mars ndi telesikopu ya galasi la mainchesi 26, naona miyezi iwiri. Anaicha Phobos ndi Deimos. Iri yaing'ono ndithu, wina makilomita ngati 22 m'mimba mwace, wina ngati 12, kotero kuti telesikopu ya Galileo sikadatha kuiona. Za Jupiter nazonso zinapherezera: mu 1665 Giovanni Cassini anaona banga pa Jupiter, nayesa nalo kuzungulira kwa pulanetiyo, ndipo banga lalikulu lofiira linachuka kwambiri kuyambira mu 1878.

Ambiri pofotokoza mbiriyi amazizwa kuti Kepler analosera zoona kawiri. Koma nkhaniyi iyenera kuyesedwa modekha. Kepler sanaone miyezi ya Mars, ndipo Galileo sanalembe za iyo. Maganizo amene anamtsogolera, akuti miyezi iculuka mwa dongosolo la 1, 2, 4, anali olakwa, pakuti lero miyezi yodziwika ya Jupiter ipitirira 90, ndipo ya Saturn ipitirira 100. Anafika pa yankho loona podzera njira yosokera, monga mlenje woponya mubvi m'thengo mwacisawawa nalasa gwape amene sanamuone. Nyama idyedwa ndithu, koma palibe angaphunzire kusaka kwa mlenje wotere.

Anthu atatu a m'mbiriyi afanana ndi mitundu itatu ya mayankho imene mphunzitsi aipeza m'makope tsiku ndi tsiku. Pali yankho la Kepler, lokhoza mwamwai cifukwa mwana analemba cimene anali kuciyembekeza. Pali yankho la Galileo pa Saturn, lolakwa, koma locokera m'kupenya koona ndi kulemba mokhulupirika cimene maso anaona. Pali yankho la Huygens, lokhoza ndiponso lotha kufotokoza cifukwa cace ena anaphonya. Wopereka mamalikisi poyang'ana yankho lokha adzakweza woyamba natsitsa waciwiri, pamene waciwiriyo ndiye ali pafupi ndi kudziwa. Cowasiyanitsa ndi funso limodzi lalifupi, lakuti: wadziwa bwanji?

Masewera a zilembo akhoza kuphunzitsa comweci m'kalasi la ana aang'ono, popanda mtengo uli wonse. Mwana mmodzi alemba liu pa sileti nalivundikira, napatsa anzace zilembo zace zosokonezedwa pa bolodi. Ena apeza gula, ena galu. Ena lamba, ena mbala. Sileti ikavundukulidwa, amene anaphonya aona okha kuti yankho lokwana zilembo silikhala nthawi zonse limene mwini analemba, ndi kuti mtima uthamangira liu limene uli nalo kale. Apa mphunzitsi ayenera kusamala kuti wophonya asasekedwe. Kuphonya kwa Kepler pa Mars kudziwika lero cifukwa iye mwini anakusindikiza mu 1611, pamodzi ndi makalata a Galileo okhala ndi mayankho oona, kuti yense wowerenga aone pamene anasokera.